Wowerenga Makadi ndi Wowerenga Nkhope

"Sololani khadi limodzi, amayi, lililonse, mulibise pansi pa mbale," anatero Wannes. "Musandionetse."

Mayi Godelieve anapukuta zala pansalu, n'kusolola khadi pakati pa mulu, n'kulilowetsa pansi pa mbale yodzaza zigoba za nkhono za m'nyanja zomwe anali atangomaliza kudya. Linali Lamlungu masana, ndipo monga mwa masiku onse ana awo awiri anali atabwera kudzadya nawo kunyumba kwawo ku Gent. Lieven, wamkulu, anakhala kumapeto kwa tebulo ndi tambula ya mowa. Mkazi wake Griet anali atavula wotchi n'kuigwira m'manja.

"Yambani, alamu," anatero Griet.

Wannes anayamba kutembenuza makadi otsalawo awiriawiri, mofulumira ngati munthu wosenda nandolo. Milomo yake sinkayenda. Atafika pa lomaliza anamenya tebulo ndi chikhato.

"Lomwe mwabisalo ndi laling'ono. Silipitirira sikisi."

Mayi ananyamula mbale ija. Linali khadi la folo. Anaomba m'manja n'kugwira mwana wawo wamng'onoyo kumasaya ngati khanda, chikhalirecho anali bambo wa zaka 39.

"Iwe ndiwe mfiti! Lieven, waona zimene akuchita mng'ono wakoyu?"

"Ndaona, amayi."

"Masekondi 24," anatero Griet akuvala wotchi yake. "Mwachedwa, alamu. Lachitatu munathera pa 22. Ndi mowawo."

Onse anaseka. Lieven nayenso anaseka pang'ono, koma mawu akuti Lachitatu anamukhala m'khutu ngati madzi. Lachitatu linali limodzi mwa masiku amene iye ankachoka pakhomo m'mawa kupita kugombe.

Kwa zaka khumi ndi zinayi Lieven Stroobant ankadya za poka, juga ya makadi. Masiku anayi pa sabata ankayendetsa galimoto ola lathunthu kupita ku kasino wa kugombe, n'kukhala patebulo ndi anthu asanu ndi atatu, n'kumawayang'ana. Luso lake linali pamenepo. Munthu akameza malovu, akasiya kugwedeza mwendo, akaseka mopitiriza, Lieven ankadziwa chomwe wagwira m'manja. Sanalemere nazo, koma panyumba sipanagonepo njala, ndipo m'banja lonse nkhani ya makadi ikabuka, onse ankatembenukira kwa iye.

Wannes anamuphunzitsa poka ndi iye yemweyo, koma zinakanika. Wannes akalandira makadi abwino makutu ake ankafiira, moti ngakhale woperekera khofi ankadziwa. Anapitiriza ntchito yake yoyendetsa galimoto yogawa buledi, akusekedwa pa Khirisimasi iliyonse. Kenako chaka chino anasiya buledi n'kuyamba bulakijaki, masewera amene sulimbana ndi anzako koma ndi nyumba yeniyeniyo. Anaphunzira kuwerenga makadi amene atuluka m'bokosi la wogawa kuti adziwe amene atsalamo. Tsopano ankayenda m'mayiko atatu ndi kachikwama kamodzi, anali ndi jekete labwino la ubweya, ndipo mayi awo anawagulira mpando wamagetsi wodzutsa munthu wokha. Msewu wonse unali utaitanidwa kale kudzauona mpandowo.

"Zimenezi ndi zoonetsa ana pa phwando," anatero Lieven akuzunguza tambula yake. "Bulakijaki ndi masewera a agogo opuma pantchito. Munthu wamkulu n'kumasewera ndi bokosi?"

"Bokosi siliona makutu anga, achimwene," anayankha Wannes.

Griet anaseka mpaka kutsamwa. Lieven anamuyang'ana mkazi wakeyo. Panali patapita nthawi asanamuone akuseka chotero.

Pobwerera kwawo Lieven ndi Griet anakwera tramu, kasitima koyenda m'misewu ya m'tauni. Anakhala moyang'anizana, ambulera yonyowa ili pakati pa mawondo awo. Atadutsa masiteji awiri Lieven anafunsa.

"Lachitatu liti?"

"Lachitatu lililonse. Amabwera ndikaweruka kusitolo ya magalasi, ndimamugawira makadi kukhitchini mpaka faifi koloko."

"Kuyambira liti?"

"Kuyambira Febuluwale."

"Miyezi isanu ndi itatu mng'ono wanga akulowa m'nyumba mwanga, ine osadziwa?"

"Ndinakuuzani, Lieven. Munali pampando, maso ali pafoni. Munati, 'Aziwononga nthawi yake, ndi yake.' Mawu anu amenewo."

Lieven anakumbukira patalipatali kuti zinachitikadi. Zimenezi zinangowonjezera kumupweteka. Griet anagwirapo ntchito yogawa makadi ku kasino wa kugombe yemweyo kwa zaka zisanu ndi zinayi, ndipo n'kumene awiriwa anadziwanira. Atasiya ntchitoyo ananena kuti makadi atopa nawo, sadzawagwiranso. Zaka zonsezi m'nyumba mwawo Griet sanagwirepo khadi ngakhale limodzi chifukwa cha iye.

"Ndiye kuwerengako umakudziwa?"

"Wogawa makadi aliyense wanzeru amakudziwa. Ankatiphunzitsa kuti tizigwira ochita zimenezo."

"Nanga ine bwanji sunandiphunzitse?"

"Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Wannes anabwera, anagogoda, anapempha. Inu munapemphapo?"

Lieven sankaganiza zoti pali chibwenzi. Mkazi wake ankamudziwa, mng'ono wake ankamudziwanso. Chomwe chinkamudya chinali nkhope ya Griet pamene anagwira wotchi ija, maso akuwala, thupi litapendekera kutsogolo. Kale ankaima kuseri kwa chingwe ku chipinda cha poka n'kumamuyang'ana iye motero. Sanadziwe kuti zinatha liti.

Lolemba anagula mapaketi asanu ndi limodzi a makadi n'kuwabisa m'kabati ya nsapato. Griet akangotuluka kupita kuntchito iye ankawatulutsa. Lamulo lake linali lapafupi moti mwana wa sukulu akanalitha. Khadi laling'ono likatuluka, kuyambira thu mpaka sikisi, uwonjezere imodzi m'mutu. Likatuluka lalikulu, teni, la chithunzi kapena eyisi, uchotse imodzi. Apakatiwo uwasiye. Nambala ikakwera ndiye kuti m'bokosi mwatsala makadi aakulu ambiri, ndipo imeneyo ndi nthawi yobetcha kwambiri, chifukwa makadi aakulu amakomera wosewera. Basi. Lieven anadziuza kuti ngati wogawa buledi anazitha, iye zimutengera sabata imodzi.

Patatha masabata awiri anaika makadi aja patebulo la kukhitchini Griet akumwa khofi.

"Tandigawire."

Griet anawayang'ana makadiwo, n'kumuyang'ana iye. Anasuntha kapu yake, n'kuwasakaniza. Zala zake zinali zisanaiwale. Makadi ankatsetsereka pathabwa ngati ali ndi mafuta, lililonse n'kuima pamalo pake. Anagawira mipando isanu yopanda anthu, kutolera, kugawanso, kutolera.

"Ndi zingati?"

"Zitatu."

"Zisanu ndi ziwiri. Tiyambirenso."

Anayambiranso. Ulendo wachiwiri anaphonya ndi ziwiri, wachitatu ndi zisanu. Wachinayi Griet anamufunsa dala ngati analipira msonkho wa galimoto, ndipo poyankha nambala yonse inauluka.

"Mukuyang'ana ine," anatero Griet. "Nthawi yonseyi mukuyang'ana pakamwa panga ndi m'manja mwanga. Ine ndilibe chinsinsi, bambo. Chinsinsi chili m'bokosi."

"Wannes zinamutengera nthawi yaitali bwanji?"

"Miyezi inayi asanasiye kuphonya. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

"Ndiye kuti iye ndi wodekha, ine ayi?"

"Sindinatero."

"Nena."

Griet anaika makadi pansi. "Chabwino. Wannes akhoza kukhala maola asanu ndi limodzi anthu akumuyesa chitsiru, iye osadandaula. Masewerawa amafuna zimenezo. Inu mukapambana mumafuna tebulo lonse lidziwe kuti mwapambana ndi nzeru. Pa poka zimenezo zimakuthandizani, anthu amakuopani. Kuno zingakuthamangitseni tsiku loyamba. Muli ndi munda wanu, Lieven, ndipo mumaulima bwino. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada."

"Ine ndakhala pusi tsopano."

"Mwafunsa nokha."

Tsiku lomwelo masana, Griet atabwerera kuntchito, Lieven anamuimbira mng'ono wake.

"Ndikufuna ndizione ndi maso, osati za pansi pa mbale za amayi zija. Kugombe kuli tebulo limodzi lomwe amasakanizabe ndi manja, ena onse anaika makina. Limatsegulidwa masana m'kati mwa sabata. Tipite Lachinayi."

"Kumeneko ayi, achimwene," anatero Wannes. "Ndi kumunda kwanu. Chiyambire sindinapondeko, ndipo ndi dala."

"Kodi ndi mlandu? Apolisi amagwira munthu chifukwa choganiza?"

"Si mlandu. Koma nyumba ndi yawo, akakudziwa amakutulutsa, ndipo chithunzi chako amatumizira anzawo. Dzina pachiphaso changa ndi lanu lomwelo. Zikavuta zikhudza inu."

"Ine kumeneko ndine mwana wa m'nyumba. Mlonda wa pakhomo ndinapita ku ukwati wake." Lieven anadikira pang'ono, kenako anaponya mawu amene anali atawakonza kale. "Kapena luso lakoli limangogwira kukhitchini kwanga, pamaso pa mlamu wako?"



"Chabwino," anatero Wannes. "Koma timvane. Tilowe padera. Inu mukakhale pa bala pomwe ndingakuoneni. Anthu a m'menemo mumawadziwa nonse, ine sindiwadziwa. Mukangoona kuti wina wayamba kundikayikira, muvule magalasi anu muwapukute. Ine ndidzuka pomwepo ngati ndikupita kuchimbudzi, osabwereranso. Ndikatuluka ndekha asanandilankhule, palibe cholembedwa."

"Zazing'ono zimenezo."

"Kwa inu n'zazing'ono. Palibe amawerenga nkhope kuposa inu. N'chifukwa chake ndavomera."

Lachinayi kunali mphepo yamvula yochokera kunyanja, ya mtundu wothyola maambulera. Anafika thu koloko. Wannes analowa poyamba, Lieven n'kutsatira patatha mphindi khumi. Mlonda anamupatsa moni wa dzina, mtsikana wolandira majekete anamufunsa za bondo lake. Anakwera pampando wa pa bala n'kuitanitsa khofi.

Mng'ono wake anatsala pang'ono kusamuzindikira. Jekete labwino lija analisiya m'galimoto, anavala juzi yotuwa yothothoka m'zigongono. Anakhala pakati pa amayi awiri achikulire ndi bambo wina wonenepa wa chipewa cha asodzi, atawerama, akufunsa wogawa makadi mafunso opusa. Ankabetcha kandalama kotsikitsitsa kololedwa patebulopo. Akaluza ankakanda m'mutu, akapambana ankadabwa.

Lieven anayesa kuwerenga nawo ali patali. Imodzi, ziwiri, imodzi, ziro, imodzi. Mayi mmodzi anagwetsa kachikwama, iye n'kucheukira komweko, ndipo pobweza maso makadi asanu ndi awiri anali atadutsa kale. Anayambiranso pa bokosi lotsatira. Anataikanso. Wannes pamenepo n'kuti akucheza ndi bambo wa chipewa uja za mtengo wa nsomba, maso ake akungodutsa pa makadi ngati sakuwaona.

Ola loyamba linatha popanda kanthu. Lachiwiri chimodzimodzi. Lieven anayamba kumva bwino mumtima. Ngati moyo wake ndi umenewu, kukhala pakati pa agogo masana a Lachinayi n'kumataya tindalama pang'onopang'ono, ndiye panalibe chosirira.

Cha m'ma faifi koloko Wannes anayasamula, n'kukankhira kutsogolo mulu wa tindalama tapulasitiki tomwe amabetchera, wokwana kakhumi kuposa poyamba.

"Ndatopa, amayi," anauza mayi wa pambali pake. "Zithe zithe, ndizipita."

Analandira teni ndi eyisi, 21 ndendende, nambala yopambana zonse pa bulakijaki. Anasiya mulu waukulu pomwepo. Analandira zithunzi ziwiri, wogawa n'kupsa popitirira 21. Kachitatu anapambananso. Kachinayi analuza, koma kachisanu ndi kachisanu ndi chimodzi anabweza zonse ndi kuwonjezera. Amayi aja anayamba kukuwa, anthu a pa makina a juga anasiya makina awo n'kubwera kudzaima kumbuyo kwake. Bambo wa chipewa anamusisita paphewa kuti atengeko mwayi.

"Si mng'ono wanu uyo?" anafunsa wogulitsa pa bala akupukuta tambula. "Mphuno ndi imodzi. Zaka zonsezi mumatibisira! Ndiye kwanuko mwayi unadumpha wamkulu n'kugwera wamng'ono, eti?"

"Zikuoneka choncho," anatero Lieven.

Foni yake inanjenjemera m'thumba. Unali uthenga wa Griet. "Zikumuyendera bwanji Wannes? Mumukumbutse amwe madzi, akakhazikika amaiwala."

Anauwerenga kawiri. Anafufuza ngati pansi pake pali mzere wina wofunsa za iye. Panalibe. Anaika foni chafufumimba pa bala, ndipo atakweza maso anaona Odette.

Odette anali woyang'anira matebulo onse a pansipo, mayi wamtali wa tsitsi la imvi lometedwa mwachidule. Lieven anamudziwa zaka khumi ndi ziwiri. Ankadziwa kuti Odette akamayang'ana munthu ndiye kuti palibe vuto. Vuto linkayamba akasiya kumuyang'ana. Tsopano anali ataima chammbali, atafulatira tebulo la Wannes, akuzunguza mphete pachala chake n'kumayang'ana nsapato zake. Kenako anapita pakona n'kunyamula foni ya pakhoma. Analankhula mawu ochepa, n'kuibweza.

Lieven anadziwa kuti kwatsala mphindi zisanu, mwina zisanu ndi imodzi, kuti anthu a m'chipinda cha makamera atsike. Nthawi inalipo yokwanira. Magalasi anali pamphuno pake. Kansalu kopukutira kanali m'thumba la malaya.

Wannes anakweza mutu n'kumuyang'ana. Kumbuyo kwake anthu anali akuombabe m'manja. Lieven ananyamula kapu yake n'kumwa khofi wozizira.

Sanaganize zambiri. Anangomva kamawu mumtima kakuti, mulekeni aone. Amutulutse kamodzi pamaso pa agogo akewo, akafotokoze Lamlungu kwa amayi, akafotokoze kukhitchini. Dzanja lake linakwera mpaka pachibwano, n'kukanda ndevu, n'kutsikanso.

Wannes anapambananso. Anamuyang'ananso kachiwiri, nthawi yotalikirapo. Lieven anayang'ana m'kapu.

Anabwera amuna awiri a masuti akuda, aulemu kwambiri. Mmodzi anawerama n'kunong'oneza Wannes kukhutu. Wogawa makadi anaika manja ake onse awiri patebulo n'kusiya kugawa. Wannes sanatsutse. Anatolera tindalama take, anatsanzika amayi aja, n'kutsagana ndi amunawo kukatisintha kukhala ndalama zenizeni. Bambo wa chipewa anafunsa mokweza kuti kodi walakwanji, koma palibe anamuyankha.

Lieven anali akutulutsa ndalama ya khofi pamene anamva fungo la mafuta onunkhira a Odette pambali pake.

"Bambo Stroobant, nanunso titsagane."

"Ine? Odette, ine ndimasewera poka. Mukundidziwa."

"Ndikukudziwani. N'chifukwa chake zikundiwawa." Ankalankhula motsitsa, osamuyang'ana m'maso. "Zaka zonsezi simunakhalepo pa bala ino kupitirira mphindi khumi. Lero mwakhala maola atatu, maso ali patebulo limodzi, milomo ikuyenda. Makamera ajambula zonse. Akumwamba akuti ndinu awiri, wina wowerenga, wina wolondera."

"Milomo yanga?"

"Imodzi, ziwiri, imodzi. Ngakhale ine ndinkatha kuwerenga ndili uko."

"Ndiye sindiyandikiranso bulakijaki. Ndalumbira. Ndizingolowa ku poka."

"Chitseko ndi chimodzi, Lieven. Akuti nyumba yonse, ndi nyumba zathu zina zonse. Kalata ibwera papositi." Anamupatsa jekete lake lomwe mtsikana uja anali atabweretsa kale. "Pepani. Mukanandifunsa ine musanabwere naye."

Mlonda wa pakhomo, yemwe Lieven anavina pa ukwati wake, anawatsegulira chitseko akuyang'ana kumbali.

M'galimoto anakhala kaye osaliza injini, mvula ikumenya padenga. Wannes anali atagwira mutu ndi manja onse awiri.

"Pepani, achimwene. Pepani kwambiri. Ndakuphetsani munda. Ndinadziwa kuti sindiyenera kubwera, ndinadziwa. Ndinakweza msanga, ndikanakweza pang'onopang'ono. Ndinafuna muone kuti ndimatha. Uchitsiru wanga."

"Nanga iweyo zikuthera bwanji?"

"Chithunzi changa chifika konse pofika mawa. M'dziko muno ndatha. Mwina kutsidya kwa malire kwatsala malo awiri kapena atatu, ngati sanamve. Koma zanga zisiyeni. Inu masiku anayi pa sabata muzipita kuti? Alamu ndikawauza chiyani?"

Lieven analiza galimoto. Anatuluka m'tauni, n'kulowa mumsewu waukulu wopita ku Gent. Minda ya mbatata inali itasanduka matope mbali zonse. Wannes anapitiriza kupepesa. Anati agawana naye zomwe wapambana lero, ayi, atenge zonse. Anati akalankhula ndi mnzake wina wodziwa malo a poka ku Lille. Mawu aliwonse ankamugwera Lieven ngati mwala. Akanakonda atamutukwana.

Atadutsa Brugge analephera kupirira.

"Ndinamuona."

"Ndani?"

"Odette. Mayi wa imvi uja. Ndinamuona akuzunguza mphete, ndinamuona akuimba foni. Panali mphindi zisanu."

Wannes anatembenuka pang'onopang'ono.

"Munamuona."

"Eya."

"Magalasi munali nawo."

"Ndinali nawo."

Zopukutira galasi la kutsogolo zinapita uku ndi uku kangapo. Lieven anadikira funso lakuti chifukwa chiyani, ndipo analibe yankho loti munthu wa zaka 46 n'kulinena mokweza. Koma Wannes sanafunse.

"Ulendo wachiwiri uja ndinakuyang'anani," anatero Wannes, mawu ake ali bata, "ndinaona kanthu pankhope panu. Mtima unandiuza kuti dzuka. Koma ndinadziuza kuti, iwe Wannes, nkhope unayamba liti kuziwerenga? Achimwene akanaona kanthu akanavula magalasi. Ndiye ndinakhala."

"Wannes, mphwanga..."

"Mukhotere ku Aalter. Munditsitse pa siteshoni ya sitima."

"Mvula imeneyi? Tatsala pang'ono kufika."

"Munditsitse, achimwene."

Pa siteshoni Wannes anatenga jekete lake kumpando wa kumbuyo. Asanatseke chitseko anawerama.

"Amayi musawauze, mtima wawo si wabwino. Tidzati ndinadziwika ndekha. Koma alamu muwauze nokha, lero. Ine sindingathe kuwanamiza."

Lieven anafika kunyumba kutayamba kuda. Griet anali kukhitchini akudula anyezi wa msuzi, wailesi ikuimba motsitsa. Anacheuka akumwetulira, n'kuyang'ana kumbuyo kwa mwamuna wake.

"Wannes ali kuti? Ndaphika wa anthu atatu."

Lieven anazimitsa wailesi. Anakhala pampando osavula jekete, n'kufotokoza zonse mwa dongosolo lake: juzi yotuwa, mulu waukulu, uthenga wa pafoni, mphete ya Odette, khofi wozizira. Sanachotsepo kanthu. Griet anamvetsera mpeni uli m'manja. Atamaliza, anauika pathabwa mosamala.

"Uthenga wanga uja," anatero. "Ndinafunsa za iye chifukwa iye ndi amene anali pamoto. Inu ndinkadziwa kuti muli bwino. Nthawi zonse ndimadziwa kuti inu muli bwino."

"Sindinali bwino."

"Ndaona." Anasamba m'manja, n'kupukuta chala chimodzichimodzi. "Zoti muli ndi nsanje ndinadziwa tsiku la m'tramu lija, ndipo ndinati zitha, ndi zachibadwa. Mukanandikalipira ine, mukanaswa mbale, ndikanamva. Koma kukhala pampando, mwana wa mayi anu akukuyang'anani, inu n'kumamwa khofi? Ameneyo sindimamudziwa."

Anavala jekete lake la mvula n'kutenga makiyi a njinga.

"Ndikukamuona. Msuziwo mumalize nokha."

Funso lakuti ubwera nthawi yanji linafika pamilomo ya Lieven, koma analimeza. Anadula anyezi wotsalayo, anaphika msuzi, anayala mbale ziwiri n'kudikira. Griet anabwera patatha maola awiri, tsitsi litanyowa. Anakhala pansi n'kudya. Atatsala pang'ono kumaliza anati:

"Akuti musamuimbire, musapitenso kwake. Akafuna aimba yekha."

"Anati liti?"

"Sananene."

Kalata ya ku kasino inafika Lachiwiri lotsatira, ya mizere inayi. Za bulakijaki Lieven sanazitchulenso. Anapeza malo ena a poka kutsidya kwa malire, ulendo wa maola awiri ndi theka, kumene mlonda ankamufunsa chiphaso tsiku lililonse ngati sanamuonepo. Griet ankamukonzerabe buledi wa panjira, ankamuyankha akamulankhula, koma kuseka kunali kusanabwerere m'nyumbamo.

Zaka zonse za m'mbuyomo Lieven akakhala patebulo ankazimitsa foni, ndipo ankanyoza osewera amene sankatero. Tsopano ankaisiya yoyaka m'thumba la malaya, pamtima. Ikanjenjemera, kaya wagwira makadi otani, ankawataya n'kudzuka kukaiona. Nthawi zambiri unali uthenga wa kampani ya magetsi, kapena mayi ake kufunsa ngati abwera Lamlungu.

Anyamata a patebulo latsopanolo sanachedwe kumuphunzira. Pofika mwezi wachiwiri, mmodzi wa iwo akaona Lieven wakankhira mulu waukulu pakati, ankatsinzinira mnzake n'kunena mokweza kuti, "Abale, ndani ali ndi nambala ya bambo awa? Tawaimbireni, tipulumuke."

Tebulo lonse linkaseka. Lieven ankangogwira thumba lake la malaya, kuona ngati foni ikadali yoyaka.